Amene ndinamubisira chikwama ndi amene ananyamula mayi anga

Achemwali, mwati mnyamata amene wangosamukira kumene nyumba yoyandikana nanu, wa ma dread ndi ma tattoo uja, amakupatsani moni mwaulemu ndipo tsiku lina anakuthandizani kutsitsa katundu, koma anthu akukuuzani kuti musamuzolowere poti anthu otere ndi mbava komanso osuta chamba, nde mukufunsa kuti mutani. Ma comment ndawerenga ndipo ena andiwawa mtima, munthuyo tonsefe sitikumudziwa koma mlandu wake tagamula kale. Mundikhululukire nditalikitsa pang'ono.

Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mayi anga pa siteji tikudikira basi, tikuchokera kuchipatala poti iwowo ali ndi vuto la BP. Pafupi nafe panakhala mnyamata wina, buluku atakhwefula, tsitsi losapesa, maso ali psuu, ine kungomuona basi ndinachotsa chikwama changa mbali imene anali iyeyo nkuchikumbatira mbali inayi, ndipo anaona ndithu zimene ndinachitazo, maso athu anaphana iye nkungoyang'ana kumbali. Sipanadutse mphindi zambiri mayi anangoti ndikumva chizungulire, kenako khu pansi. Anthu anaunjikana nthawi yomweyo, ena otchena bwinobwino, wina akuti apatseni madzi wina akuti ayi musawapatse, wina mpaka kutulutsa foni kumajambula, ine mutu utaima ndikungolira. Amene anagwada pansi ndi mnyamata uja. Anavula jekete yake nkuwatsamiritsa mutu, anakalipira anthu kuti afutukuke mayi apeze mpweya, kenako anakaima mumsewu kuimitsa magalimoto, ziwiri zinamulambalala yachitatu inaima. Anawanyamula yekha mpaka kuwalowetsa. Galimoto itayamba kuyenda ndinamva wina akumenya windo, ndi iyeyo akuthamanga chikwama changa chili m'manja, chomwe chija ndinamubisira, ndinali nditachisiya pansi muli foni, ndalama ndi buku la kuchipatala. Palibe chinasowa olo chimodzi.

Dzina lake sindinafunse nkomwe ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Maso ofiira amakhalanso a munthu amene wachezera ntchito usiku wonse kapena amene walira, koma ine ndinali nditasankha kale kuti ndi chamba basi.

Chinthu chimene ndinaphunzira nchakuti mutu wathuwu umaganizira anthu zoipa kuposa mmene alili. Mu 2019 akatswiri ena anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'mayiko 40, m'mizinda 355. Ankatenga ma waleti, onse pamodzi oposa 17,000, nkukawasiya kwa ogwira ntchito m'mabanki, m'mahotela, ku positi ofesi ndi malo ena ngati amenewo, kunena kuti ndatola panjapa chonde mufikitseni kwa mwini wake. Ena anali ndi ndalama ena opanda. Mukudziwa zinatha bwanji? Opanda ndalama, anthu 40 pa 100 aliwonse anayesa kumupeza mwini wake, koma okhala ndi ndalama anafika 51 pa 100. Ndalama zikakhalamo mpamene anthu ankabweza kwambiri! Ndipo atafunsa anthu wamba ngakhalenso akatswiri a zachuma kuti alosere, ambiri ankaganiza kuti ndalama zikachuluka anthu azingopokera m'thumba. Nde ngati timaphonya chonchi pa anthu wamba, kuli bwanji munthu amene tamuopa kale chifukwa cha tsitsi lake.

Palinso kafukufuku wina wakale amene amandichititsa manyazi ndikamaganiza za anthu otchena a pa siteji aja, komanso za ine ndemwe. Mu 1973 John Darley ndi Daniel Batson anatulutsa zotsatira za mmene anayesera ophunzira zaubusa ku Princeton ku America. Ankawatuma kuti akalankhule ku nyumba ina, ena mutu wake unali wa Msamariya wachifundo weniweniyo, ndipo m'njira anaikamo munthu atazyolika akutsokomola ndi kubuula. Amene anauzidwa kuti nthawi ilipo, 63 pa 100 anaima kuthandiza. Amene anauzidwa kuti mwachedwa fulumirani, 10 pa 100 okha. Tangoganizani, munthu akupita kukalalikira za chifundo koma nkumudutsa wovutika chifukwa cha changu. Ndiye chifundo sichili pa suti kapena pa udindo ayi, nthawi zambiri chimangokhala pa amene walola kuima nkuyang'ana.

Sindikunena kuti muzingokhulupirira aliyense, ayi ndithu, akuba aliko ndipo enanu mwalemba apa kuti munaberedwapo, sindikukutsutsani. Chitseko muzikiya, ana musamawasiye ndi munthu amene simunamudziwe bwino kaya ali ndi ma dread kaya amavala taye. Koma muyeso ukhale umodzi kwa onse. Chimene chimandinyansa nchakuti wovala bwino timamupatsa makiyi tsiku loyamba lomwe, pomwe winayu ngakhale atachita zabwino kakhumi timati akutinyengerera kuti adzatibere bwino. Munthu wotereyu apange chani kuti timuone ngati munthu? Panopa zimene mukudziwa za mnansi wanuyo ndi ziwiri, amapereka moni ndipo anakuthandizani katundu. Zinazo ndi zongomva kwa anthu amene mwina sanalankhule naye nkamodzi komwe.

Ndipo si ma dread okha. Timati a mtundu wakuti ndi aumbombo, a chipembedzo chakuti ndi ankhanza, mtsikana wovala chofupika ndi hule, wolemera aliyense ndi wokhwima, wolumala ndi wopemphetsa, mlendo wochokera dziko lina wabwera kudzatilanda ntchito. Tonsefe tili m'gulu linalake limene ena amalinena, inunso pali penapake pamene anakuweruzanipo musanatsegule nkamwa komwe, kumbukirani mmene zinawawira.

Nde mawa akakupatsani moni muyankheni ndi nkhope yomasuka, mufunseni dzina lake ndipo muzimuitana dzinalo osati "rasta uja". Mumuthokoze za katundu uja ngati simunatero bwinobwino. Magetsi akathima mufunseni ngati ali ndi kandulo, kukagwa mvula iye kulibe muanulireni zovala. Tinthu timeneti sitifuna ndalama, ndipo pakutha pa miyezi iwiri itatu mudzakhala mutamudziwa nokha kuchokera pa zochita zake, ngati ali ndi khalidwe loipa lidzaoneka lokha simudzasowa wokuuzani.

Ine mnyamata wa pa siteji uja nditakumana naye lero, choyamba ndingamupepese za chikwama chija, kenako ndingamuuze kuti mayi aja anatsitsimuka tisanafike nkomwe kuchipatala, alipo mpaka pano ndipo amamutchulabe akamapemphera.