Mafunso Anu: Mabuku a Ankhondo Okana Kuthawa

FUNSO: Akonzi, ine matenda anga ndi amodzi, ndimakonda mabuku omwe kumapeto kwake kagulu ka anthu kamatsala kokha kulimbana ndi chinamtindi cha adani uku akudziwa kuti dzuwa la mawa saliona. Ndinaonera filimu ya asilikali 300 a ku Sparta ija ndipo misozi inatuluka, koma mnzanga akuti zonse zija ndi zopeka basi, eti anthu 300 sangaimitse gulu lankhondo la mfumu ya Persia. Zoona zake nziti? Komanso ndiuzeni mabuku oti ndiwerenge.
Wowerenga usiku

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wanena zoona pang'ono koma wakokomeza. Nkhondoyo inachitikadi, m'chaka cha 480 Yesu asanabadwe, pa Thermopylae, kanjira kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja ku Greece. Mfumu Leonidas ya Sparta inalipodi ndi anthu ake 300, Xerxes, mfumu ya Persia ija, analiponso. Chomwe mafilimu satsindika nchakuti a Sparta sanali okha, poyamba Agiriki anali masauzande angapo, ndipo tsiku lachitatu, Mgiriki wina dzina lake Ephialtes ataululira a Persia kanjira kakuphiri kozembera kumbuyo, Leonidas anabweza ambiri koma panatsala anthu 700 a ku Thespiae ndi 400 a ku Thebes, osawerengera akapolo omwe ankanyamulira a Sparta zida. A Thespiae aja ine amandimvetsa chisoni kwambiri, anakana okha kuchoka, anafera pompo, koma mbiri yonse inapita kwa anzawo.

Nde yambani ndi mwini nkhani, Herodotus, gawo 7 la mbiri yake. Musaope kuti ndi buku lakalekale, mdala ameneyu amafotokoza ngati mwakhala naye pansi mukucheza. Muli malo ena pomwe Xerxes akutuma kazitape wapahatchi kuti akaone zomwe adani akuchita, kazitape akufika nkupeza anthu ena akuchita masewera olimbitsa thupi, ena akhala phee akupesa tsitsi lawo lalitali. Mfumu inaona ngati zachibwana, mpaka munthu wina wodziwa mwambo wa a Sparta anaiuza kuti anthu amenewa akamakonza tsitsi nde kuti akukonzekera kuika moyo wawo pachiswe. Mulinso nkhani ya awiri omwe ankadwala maso ndipo analoledwa kuchoka. Eurytus atamva kuti zavuta anauza kapolo wake amutsogolere kunkhondo, osaona bwinobwino, nkukafera komweko. Mnzake Aristodemus anabwerera kumudzi wamoyo, ndipo kumeneko anthu anamusala, palibe womulankhula, ngakhale womugawira moto, amangomutcha wamantha, mpaka chaka chotsatira anakadziponya pakati pa adani pankhondo ina ya pa Plataea. Mukawerenga pamenepo mumayamba kudzifunsa kuti kodi 300 aja onse anatsala chifukwa cha kulimba mtima kapena enanso ankaopa manyazi akumudzi. Mukafuna nkhani yomweyi koma yolembedwa mwamakono, pali Gates of Fire ya Steven Pressfield, ya 1998.

Lachiwiri ndi The Song of Roland, ndakatulo yachifalansa ya mizere pafupifupi 4,000, yolembedwa cha m'ma 1100. Roland akulondera kumbuyo kwa gulu lankhondo la Mfumu Charlemagne pa Roncevaux m'mapiri a Pyrenees, chikhamu cha Asilamu chawazinga, mnzake Oliver akumuchonderera katatu konse kuti aimbe lipenga lake la mnyanga wa njovu mfumu ibwerere idzawathandize, iye akukana ati angachititse manyazi mtundu wake. Akuliimba madzi atafika kale m'khosi, anzake ambiri ali gone, ndipo akuliimba mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'mutu kuphulika. Kunena zoona ine Roland amandikwiyitsa. Ndinawerenga kawiri konse ndipo ulendo uliwonse ndimakhala mbali ya Oliver, chifukwa kudzipereka nsembe wekha ndi nkhani ina, kuphetsa anzako chifukwa cha matama ndi inanso. Koma ubwino wa bukuli uli pomwepo, silikuuzani chochita, mumatsutsana nalo nokha. Apanso mnzanu uja angasangalale: nkhondo yeniyeni ya pa Roncevaux m'chaka cha 778 omwe anabisalira asilikaliwo anali anthu a mtundu wa Basque, chikhamu cha Asilamu chija ndakatulo inangowonjezera.

Za Tolkien mwina mukuzidziwa kale. Mu The Lord of the Rings, Boromir nayenso amafa ataliza lipenga, akuteteza anzake awiri ang'onoang'ono, atangolakwa kumene kufuna kulanda mphete. Wolembayo anamenya nawo nkhondo ya pa Somme mu 1916, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo anataya anzake apamtima pankhondo imeneyo, nchifukwa chake mwina imfa za m'buku lake sizimveka ngati masewera.

Koma lomwe ndimalikonda kuposa onse, ndipo pepani ndiulula mathero, ndi For Whom the Bell Tolls la Ernest Hemingway, la 1940. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, Robert Jordan waphulitsa mlatho monga anamutumira, pothawa hatchi ikumugwera nkumuthyola mwendo. Akuuza wokondedwa wake Maria ndi anzake apite, iye akutsala yekha chafufumimba pansi pa mitengo ya paini ndi mfuti, kudikira adani kuti awachedwetse. Buku likuthera pompo, chipolopolo chisanalire. Palibe malipenga, palibe womuona, ndi munthu mmodzi basi akulimbana ndi ululu kuti asakomoke nthawi isanakwane.

FUNSO: Ine mabuku oterewa amanditopetsa koyambirira, zokamba zimachuluka. Ndimangodumpha kupita ku machaputala omaliza komwe kuli nkhondo. Amuna anga akuti ndimaononga buku. Nzoona?
Mayi wosapirira

YANKHO: Achemwali, buku ndi lanu, palibe angakumangeni. Koma bambowo akunena zoona. Tengani Iliad ya Homer. Hector, ngwazi ya mzinda wa Troy, amaphedwa ndi Achilles, ngwazi ya Agiriki, mu gawo 22, ndipo mukangotsegula pamenepo muona amuna awiri akuthamangitsana kuzungulira mpanda wa Troy katatu, wina kulasidwa mkondo pakhosi, kwatha. Simumva kanthu. Tsono bwererani ku gawo 6. Hector wabwera kumzinda, wakumana ndi mkazi wake Andromache pachipata, mkazi akulira kumupempha asapitenso chifukwa bambo ake ndi alongo ake asanu ndi awiri anaphedwa kale ndi Achilles yemweyo, watsala ndi iye yekha. Hector akutambasula manja kuti anyamule mwana wawo wakhanda, mwana kukuwa, kubisa nkhope pachifuwa cha mlezi, akuopa chisoti chamkuwa ndi chingwenje cha ubweya wa hatchi chomwe chikugwedezeka pamwamba pake. Makolo onse awiri akuseka, misozi ili m'maso mwa mayi, Hector akuvula chisoti nkuchiika pansi, kenako akupsompsona mwana nkumuseweretsa m'manja. Akatero akuvalanso chisoti chija nkubwerera kunkhondo.

Mukafika pa gawo 22 mutadutsa pamenepo, munthu akukokedwa m'fumbi kumbuyo kwa galeta uja mumamudziwa, ndi bambo wa mwana woopa chisoti uja. Ndiye ngati mukufunabe kudumpha, dumphani theka lomaliza la gawo 2 komwe Homer amangowerenga zombo ndi maina a atsogoleri mizere mazanamazana, kumeneko nanenso ndimadumpha, koma gawo 6 lokha musaliyerekeze.