Achimwene, musanatumize ndalama za Astrox ija

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwapeza raketi ya Yonex yotchedwa Astrox pa Facebook mtengo wotsika kwambiri, mukufuna kudziwa ngati ingakuthandizeni poti mwangoyamba kumene kusewera badminton ku kalabu, ndiye mwafunsanso za kochi wa mwana wanu. Za kochi akuyankhani ena. Ine ndinena za raketi, chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinapsa.

Ndalamazo musatumize kaye.

Chaka chatha ndinagula raketi yolembedwa Yonex kwa mnyamata wina wogulitsa pa WhatsApp, anachita kundibweretsera ku Limbe. Ndinapereka cha m'ma K60,000. Kuyang'ana inali yosiririka, utoto wowala, kachikwama kake komwe. Patangotha milungu itatu zingwe zinaduka, ndinaipereka kwa mkulu amene amatikokera zingwe. Makina asanafike n'komwe pa mapaundi 24 a kulimba kwa zingwe, mutu wa raketi unangoti thyoo pamwamba. Mkuluyo anandiuza kuti iyi ndi yachitatu kumuthyokera m'manja chaka chomwecho, zonse zogulidwa mwanjira yomweyo. Ndinataya raketi, ndinataya zingwe zatsopano, ndipo foni ya mnyamata uja kuyambira tsiku limenelo siipezeka. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndalama imeneyo ndinaisunga miyezi iwiri.

Tawerengerani nokha. Astrox 100ZZ yeniyeni kunja imadutsa madola 200. Onjezani mayendedwe, msonkho, ndi momwe kwacha inagwera mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Munthu angakugulitseni bwanji chinthu chimenecho pa mtengo wosafika theka lake, iye n'kupezaponso phindu?

Kale mu Blantyre muno raketi yabwino umachita kutuma mnzako wopita ku Joni. M'masitolo munkapezeka ziwiriziwiri zija za ana, zachitsulo, zosewerera pabwalo panyumba. Pano katundu wachuluka, amalonda akubweretsa kuchokera ku China, ku Dubai, ku Dar es Salaam, ndipo zimenezi zatithandiza ndithu, ana ambiri ayamba kusewera. Koma zabodza nazo zabwera mumtolo womwewo, ndipo opanga zabodza amathamangira dzina lalikulu ndi mtundu wodula, poti ndi pomwe pali ndalama. N'chifukwa chake ine ndimati bola raketi yeniyeni yotsika mtengo ya Li-Ning, Victor kapena Apacs ya ku Malaysia, ngakhalenso Yonex ya oyamba kumene, kusiyana ndi yabodza ya dzina lotchuka. Yeniyeni ya oyamba kumene kunja imakhala cha m'ma madola 40 mpaka 60, kuno wogulitsa aikapo pake.

Ndaona ena pamwambapa akuti gulani yomwe amagwiritsa ntchito Viktor Axelsen. Pepani abale, upangiri umenewo umuvulaza munthu. Axelsen anatenga golide ku Olimpiki ya Tokyo ndi ya Paris, ndi wamtali mamita 1.94, anafika pamenepo posewera m'mawa ndi madzulo ngati ntchito. Raketi yake ndi yolemera kumutu, ndodo yake yolimba gwa, imafuna dzanja lothamanga. Inu amene muzisewera kawiri pa sabata mukaweruka kuntchito, ikupatsani phewa lowawa ndi chigongono chotupa, shuttle (kampira kouluka kamene timamenya) osafika n'komwe kumbuyo kwa bwalo.

Yang'anani zilembo zimene zili pakhosi pa chogwirira. Mukaona 4U ndiye kuti ikulemera magalamu 80 mpaka 84, 3U ndi 85 mpaka 89. Tengani 4U, makamaka poti ku kalabu kwathu kuno timakonda kusewera awiriawiri chifukwa mabwalo ndi ochepa. Chogwirira cha saizi G5 chimakwana anthu ambiri, chikachepa mumangokulungapo kansalu kena. Ndodo ikhale yofewerako, ndipo mutu usalemere kuposa kuchogwirira. Ngati mutu ndi ndodo zachita kulumikizidwa ndi kachitsulo kooneka ngati T, isiyeni, si ya ku kalabu. Zingwe musakoketse kupitirira mapaundi 22 kapena 23, ndipo pemphani zingwe zotchedwa BG65, ndi zokhuthala, zimapirira. Zingwe zopyapyala zimalira bwino pomenya koma mudzakhala mukubwerera kwa wokoka mwezi ndi mwezi, pomwe okoka zingwe mu tauni muno ndi owerengeka.

Komatu chimene chimadya ndalama pamasewerawa ndi shuttle, ndipo palibe amene wakuuzani. Raketi mugula kamodzi, shuttle ndi sabata iliyonse. Ya nthenga imakhala ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, mu chubu mumakhala 12, ndipo anyamata omenya mwamphamvu atha kumaliza theka la chubu madzulo amodzi. Zaka zapitazi mtengo wake wakwera dziko lonse, chifukwa nthenga zambiri zimachokera ku China, ndipo kumeneko alimi anachepetsa kuweta abakha ndi atsekwe nyama ya nkhumba itatsika mtengo. Osewera akuchuluka, nthenga zikuchepa. Ife kwathu tinagwirizana kuti pophunzira tizigwiritsa ntchito za pulasitiki, Mavis 350, zimene zimabwera 6 mu chubu ndipo imodzi imatha masiku angapo. Za nthenga timasonkherana, timatsegula pokhapokha tikamakonzekera mpikisano.

Pogula muonenso liwiro lake. Blantyre ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndiye shuttle imauluka patali kuposa momwe ingaulukire ku Beira. Kukatentha mu Okutobala ndiye imanyanyira. Amalonda ambiri sadziwa zimenezi, amangonyamula zomwe apeza. Nambala ya pa chubu ikamakwera liwiro limakweranso, ndiye ya nthenga funani yolembedwa 76, mukasowa 77, koma 78 izingotuluka kunja kwa mzere mpaka muyambe kukayikira dzanja lanu. Pa Mavis onani mtundu wa kalamba kake: kobiriwira ndi yochedwa, kabuluu yapakati, kofiira yothamanga. Yofiira musagule. Nyengo ya chilimwe nthenga zimauma n'kumathothoka msanga, ife timaziika pa nthunzi ya madzi otentha kamphindi kochepa usiku woti mawa tisewera, zimakhalitsako.

Nsapato nazo musazichepetse. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, ndipo nsapato zothamangira pamsewu zili ndi chidendene chachitali, mukatembenuka mwadzidzidzi mwendo umapindika. Mnzathu wina anakhala miyezi iwiri osaponda bwalo chifukwa cha zimenezi. Apa kaunjika amatipulumutsa. Yendani ku Limbe kapena ku Ndirande tsiku lotsegula mabelo, funani nsapato za volleyball kapena squash, zapansi pa labala wofiirira uja wosasiya zizindikiro. Pindani pansi pake ndi dzanja muone ngati labala sanaume, chifukwa wouma amaterera ngati sopo. Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi nsapato, raketi mubwerekako kaye kwa anzanu mwezi woyamba.

Ngati mtima udakali pa Astrox ija, muuzeni wogulitsayo akutumizireni zithunzi zapafupi za manambala a fakitale olembedwa pa raketiyo. Pa Yonex yeniyeni amakhala ochita kugoba, mukapititsa chikhadabo mumawamva. Muuzeninso kuti mulipira mukaigwira m'manja pamaso pa munthu wokoka zingwe. Akayamba kuzemba, musiyeni. Loweruka masana timakhala ku holo, bwerani ndi mwanayo, ndili ndi maraketi awiri osiyana kulemera, mudzayese onse musanagule.