HF ndi ionic kapena covalent? Nambala ya 1.7 isakusokonezeni

Achemwali, mwati buku lanu likunena kuti kusiyana kwa electronegativity kukapitirira 1.7 ndiye kuti bond (kugwirana kwa maatomu) ndi ya ionic, notsi za anzanu zikuti malire ndi 2.0, ndipo pa HF (hydrogen fluoride, haidirojeni wogwirana ndi fluorine) mwapeza 1.78 koma aphunzitsi akuumirira kuti ndi covalent. Aphunzitsiwo akunena zoona, ndipo inunso masamu simunaphonye. Chakusokonezani ndi nambala ya malireyo, imene ophunzira ambiri amaitenga ngati lamulo losasweka chikhalirecho ndi yongoyerekeza.

Electronegativity ndi mphamvu imene atomu imakokera nayo maelekitironi a mu bond kuti ayandikire kwa iyo. Taganizirani ana awiri ofunda bulangete limodzi mu Juni. Akakhala a mphamvu zofanana, amafunda mofanana. Wina akamuposa mnzake pang'ono, bulangete limapendekera kwake koma mnzakeyo amatsala ndi gawo lake. Akamuposa kwambiri, amatenga pafupifupi lonse. Palibe malo amodzi amene mungaloze n'kunena kuti kugawana kwathera apa, kulanda kwayambira apa. Ma bond nawonso amasintha pang'onopang'ono chomwecho: maatomu akamagawana maelekitironi bond ndi ya covalent (non-polar akamagawana mofanana, polar kugawanako kukapendekera mbali imodzi), ndipo atomu imodzi ikalanda ndi ya ionic.

Manambala amene tikugwiritsa ntchitowa anayamba ndi Linus Pauling wa ku America mu 1932. Iye anaona kuti bond ya maatomu awiri osiyana imakhala yolimba kuposa momwe munthu angayembekezere akayang'ana kulimba kwa bond ya atomu iliyonse ndi inzake yofanana nayo, ndipo kulimba koonjezerako ndi kumene anatengerapo sikelo yake. Fluorine ndiye ali pamwamba ndi 3.98, okosijeni 3.44, chlorine 3.16, kaboni 2.55, haidirojeni 2.20, sodium 0.93. Mumangochotsera yaing'ono pa yaikulu. Mu Cl2 mupeza 0, pa kaboni ndi haidirojeni 0.35, ndipo zonsezi timaziwerengera ngati non-polar covalent. HCl ndi 0.96, bond ya O ndi H m'madzi ndi 1.24, awa ndi polar covalent. Mchere wathu wa m'ndiwo, NaCl, ndi 2.23, ndiye ndi ionic popanda mkangano.

Nanga 1.7 inachokera kuti? Pa kawerengedwe ka Pauling, kusiyana kukafika cha pamenepo bond imakhala theka ionic, theka covalent. Olemba mabuku ena anaika malire pomwepo. Ena ataona kuti zinthu zingapo zopitirira 1.7 zikuchitabe ngati za covalent, anawasunthira pa 2.0. Onsewa akuyesa kudula mzere pa chinthu chimene chilibe mzere.

Tsono yang'anani zimene chinthucho chimachita, chifukwa umboni weniweni uli pamenepo. NaCl ndi mpukutu wa ma ion (maatomu okhala ndi charge chifukwa ataya kapena alanda maelekitironi) ambirimbiri ogwirana mbali zonse, n'chifukwa chake sisungunuka pamoto mpaka kutentha kufike 801°C. HF ndi timamolekyu, kalikonse ka maatomu awiri, ndipo imawira pa 19.5°C chabe. Chinthu cha ionic sichingasanduke mpweya tsiku lofunda wamba. Haidirojeni ndi fluorine onse ndi non-metal. Fluorine amakoka maelekitironi mwamphamvu, inde, koma salanda.

HF sili yokha. BF3 (boron ndi fluorine) ili ndi kusiyana kwa 1.94 koma ndi mpweya wa mamolekyu. SiF4 (silicon ndi fluorine) ili ndi 2.08, yapitirira ngakhale malire a anzanu aja, koma nayonso ndi mpweya. Mbali inayo kuli NaH (sodium ndi haidirojeni): kusiyana ndi 1.27 yokha, komabe ndi ionic, yopangidwa ndi Na+ ndi H-, ndipo ma ion ake amayalana ngati a mchere uja.

Mwina muganiza kuti basi, tingoona ngati pali metal ndi non-metal. Njira imeneyo imathandiza kwambiri ndipo ine ndimayambira pomwepo, koma AlCl3 imaikana. Aluminium ndi metal, kusiyana ndi 1.55, koma mukaitenthetsa imasanduka nthunzi cha pa 180°C, maatomu ake atagwirana m'mamolekyu a Al2Cl6. Chifukwa chake n'chakuti Al3+ ndi ion yaing'ono ya charge yaikulu, choncho imakokera maelekitironi a chloride kwa iyo mpaka ayambenso kugawana. Izi ndi zimene malamulo a Fajans a mu 1923 amafotokoza, ndipo zimandidandaulitsa kuti ambiri amaloweza 1.7 asanamvepo za iwo.

Chenjeraninso ndi HCl. Ena amaitcha ionic poona kuti m'madzi imadutsa magetsi. Ma ion amenewo amabadwa molekyu ikakumana ndi madzi; HCl payokha ndi mpweya wa covalent.

Pamayeso, funso likakupatsani manambala ndi kukuuzani kuti musiyanitse ma bond, tsatirani malire a m'buku limene mukuphunzira kusukulu kwanu ndipo muonetse masamu anu. Akakufunsani za HF, lembani kuti ndi polar covalent kwambiri, muonjezere kuti maatomu onse awiri ndi non-metal ndipo chinthucho chili m'mamolekyu owira pa kutentha kochepa.