Achemwali, za nyumba ziwiri zija

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa shifiti, ndangotuluka kumene moti ndikulankhula ndili m'galimoto. Alamu muwapatse moni. Zithunzi zija ndaziona zonse. Ndiye mwati ku Jacksonville, kuno ku Florida, mwapeza nyumba ziwiri, ina ya mabuloko yopaka pulasitala wa simenti uja amati stucco, mtundu umene amaulemba kuti CBS, yomangidwa 1988, ina ya matabwa ya 2016 yokutidwa kunja ndi vinyl, timapale ta pulasitiki, ndipo mukufuna ndikuuzeni yoti mutenge. Chabwino, mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa yankho langa mwina si limene mukuyembekezera.

Mtima wanu ndikuudziwa, uli pa ya mabulokoyo. Inenso ndinali choncho. Ife tinakula tikudziwa kuti nyumba ndi njerwa ndi simenti, ya matabwa ndi kagolosale ka pamsika. Ngakhale mwakhala zaka zonsezi ku South Bend ku Indiana m'nyumba ya matabwa, mukati mugule yanu mtima ukubwerera ku njerwa. Ndipo si kulakwa ayi. Bulokoyo ndi yokhuthala mainchesi 8, m'mabowo ena amalowetsamo zitsulo n'kuthiramo konkire, pamwamba n'kuzunguliza lamba wa konkire ngati ring beam yakwathu ija. Chiswe sichidya, siiwola, phokoso la pamsewu sililowa kwambiri, nthambi youluka ndi mphepo siiboola wamba. A inshuwalansi nawonso kawirikawiri amatchipitsako ikakhala ya mabuloko. Zikanakhala kuti zonse ziwiri n'za chaka chimodzi, malo amodzi, denga lofanana, sindikanataya nthawi yanu, ndikanangoti mabuloko basi.

Koma taonani zaka zija. Kuno ku Florida nkhani ya nyumba inasintha ndi namondwe Andrew, amene anasakaza Homestead kumwera kwa Miami mu Ogasiti 1992. Nyumba zambiri sizinayambire pakhoma kugwa. Mphepo inkathyola chitseko cha galaja kapena windo, n'kulowa m'kati, n'kunyamula denga. Denga likapita, khoma la buloko limangoima ngati bwinja, katundu yense wanyowa. Ndiye anakhwimitsa malamulo, ndipo lamulo la kamangidwe la boma lonse la Florida linayamba kugwira ntchito mu 2002. Ya 2016 ija inamangidwa pansi pa lamuloli: denga lomangiriridwa kukhoma ndi tizitsulo, khoma lomangiriridwa ku maziko. Ya 1988 inamangidwa lisanabwere. Mwina tizitsuloto tilipo, mwina anangokhoma misomali. Pachithunzi sizioneka, mpaka munthu akwere m'denga ndi tochi.

Komanso musanamizike kuti nyumba ya CBS mulibe thabwa. Mathirasi a denga ndi matabwa, m'kati kuseri kwa drywall, bolodi la khoma la m'kati, muli timatabwa. Chiswe cha kuno, achemwali, china chimachokera pansi ngati chakwathu, china chimabwera chouluka n'kukhazikika m'thabwa louma. Mukadzaona nyumba yonse yavekedwa tenti yamizeremizere ngati pali ukwati, dziwani kuti akupha chimenecho. Ndiye pa nyumba zonse ziwiri muitanitse lipoti ya chiswe, amati WDO.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera ine, mwina amayi sanakuuzeni chifukwa ndinachita manyazi. Yanga ya ku Kissimmee ino ndi yosanja. Pogula ndinagogoda khoma lapansi, gwa, ndinati eya, buloko. Osadziwa kuti m'mwamba monse ndi matabwa, anangopaka stucco yofanana. Patapita zaka zingapo kamng'alu kakang'ono pansi pa windo la chipinda cha ana kanayamba kumwa madzi. Mvula ya kuno nthawi yotentha imagwa pafupifupi masana aliwonse, ndiye madzi ankalowa osatuluka. Pomwe ndinkamva fungo la nkhungu, bolodi la m'kati linali litafewa ngati buledi wonyowa. Ndalama zake sinditchula pagulu pano, ena angakomoke. Kuyambira pamenepo, stucco yopaka pa matabwa ndimaiopa kuposa vinyl. Vinyl imalendewera, ili ndi timabowo pansi, madzi akalowa amatsetsereka pa pepala loletsa madzi limene amaika kuseri kwake n'kutuluka. Yanu ya 1988 ikuoneka yosasanja, komabe mukagogode mbali zonse, makamaka kachipinda kakumbuyo kaja, kakuoneka ngati kanali khonde anachita kutseka pambuyo pake. Pa webusaiti ya property appraiser, ofesi yowerengera mtengo wa nyumba, wa Duval County kumene kuli Jacksonville, amalembanso kuti khoma ndi la chiyani, n'zaulere.

Vinyl nayo ili ndi zake. Mphepo yamphamvu imaisenda, kamwala kouluka potchetcha kapinga kamaiboola, mbali yosawomba dzuwa imamera ndere zobiriwira moti chaka ndi chaka mumatsuka. Alamu ndi mbaula yawo yootchera nyama ija aziika patali, imasungunuka. Koma siifuna penti, ndipo chidutswa chikawonongeka mumangosintha chomwecho. Stucco imafuna kumata ming'alu ndi kupaka penti pakapita zaka. Za magetsi, khoma la matabwa lodzaza insulation, zotchinga kutentha, limasunga kuzizira kwa AC bwino kuposa buloko yakale. Izi n'zazing'ono, zisakusokonezeni.

Chachikulu ndi ichi. Mwalemba kuti denga la ya 1988 analisintha komaliza 2008. Kuno denga likadutsa zaka 15 makampani a inshuwalansi amayamba kuvuta, ena amakana, ena amafuna mulisinthe kaye, ndipo popanda inshuwalansi banki siipereka ngongole. Ndiye musanasaine kalikonse, pezani mapepala awiri, four-point, imene imaona denga, magetsi, mipope ndi AC, ndi wind mitigation, imene imaona mmene denga lamangidwira ndi chitetezo cha mawindo. Mupite nawo kwa ejenti wa inshuwalansi akupatseni mtengo weniweni wa nyumba iliyonse. Mufunsenso za hurricane deductible, ndalama imene mumayamba mwalipira nokha namondwe akawononga nyumba. Imeneyo sawerengera ngati ya ku Indiana, amatenga peresenti. Nyumba ikakhala pa inshuwalansi ya $300,000, 2 peresenti ndi $6,000 yotuluka m'thumba mwanu iwo asanapereke kobiri.

Kenako madzi. Eee, apa ndiye mumvetsetse. Inshuwalansi wamba ya nyumba silipira madzi osefukira, imeneyo mumagula payokha. Pa namondwe Irma mu 2017 mtsinje wa St. Johns unasefukira m'tauni ya Jacksonville momwemo, ku San Marco ndi Riverside anthu ankayenda pa maboti. Ife kuno pa namondwe Ian mu 2022, tili kutali ndi nyanja, madera ena a Kissimmee anamira ndi mvula yokha. Madzi safunsa kuti khoma ndi la buloko. Mukukumbuka Freddy ku Chilobwe mu 2023, nyumba za njerwa zinapita ndi matope chifukwa cha pamene zinaima. Ndiye mulowetse maadiresi onse awiri pa mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi, oonetsa madera osefukira madzi. Ikatuluka zone X, kumene chiopsezo cha madzi n'chochepa, ndi bwinoko. Ikatuluka AE, kumene chiopsezo n'chachikulu, banki idzakukakamizani inshuwalansi ya madzi, ndipo ine ndingaisiye ngakhale itakongola bwanji.

Ndiye mukandipanikiza kuti achimwene tchulani imodzi, ndi zimene ndaonazi ndikutenga ya matabwa ya 2016, bola ikhale pa X. Ndikudziwa amalume akamva voice iyi anena kuti ndasochera ku America. Ya mabulokoyo ndingaitenge pokhapokha mwini wake avomere kuika denga latsopano musanalowe, kapena atsitse mtengo mokwanira denga, ndiponso woyendera apeze kuti tizitsulo tija tilipo. Zikatero ndiye ndasintha, ndili ku mabuloko.

Maadiresiwo musaike pagulu pano, munditumizire kumbali. Loweruka sindikugwira, ndi maola awiri ndi theka kudzera I-4 ndi I-95, ndibwera ndi makwerero ndi tochi tikakwere m'denga ndi alamu. Muuze ejenti wanu wa nyumba atipatse m'mawa, masana m'dengamo simulowedwa ndi kutentha. Ndipo usipa munabwera nawo uja musamalize.