Funsani Wamakompyuta: Ma RAM Anayi Akukanirana

FUNSO: Zikomo bambo wa tsamba lino. Ine ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Chaka chatha ndinalumikiza ndekha kompyuta yanga: purosesa ya Ryzen 5 7600, bodi ya B650 ndi ma RAM (tizipangizo tosunga zomwe kompyuta ikugwirapo ntchito panthawiyo) awiri a DDR5-6000, a 16GB lililonse. Inkayenda bwinobwino. Mwezi wathawu achimwene anga pochokera ku Johannesburg anandigulira ena awiri a kampani yomweyo, manambala akenso omwewo. Chiikireni onse anayi, kompyuta ikumachedwa kuyaka, ndipo ikayaka imangozima ntchito ili mkati, sikirini n'kusanduka ya buluu. Mnzanga akuti ndikweze voteji ifike 1.5V, kenaka ndigule choziziritsira chamadzi kuti zinthu zisapse. Nditero kodi?
Wojambula, Chilomoni

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo muzionera naye mpira, koma BIOS yanu, pulogalamu ya mu bodi momwe mumasinthira voteji ndi liwiro, asaikhudze. Vuto lanu si kuchepa kwa magetsi, ndipo madzi sangalithetse.

Ma RAM akamagulitsidwa awiri m'paketi imodzi, ndiye kuti kampaniyo inawayesa awiriwo pamodzi pa liwiro lolembedwa pabokosipo. Sinayese anayi. Komanso makampani ambiri amene dzina lawo mumaliona pa RAM sapanga okha timatchipi tamkatimo. Amagula kwa Samsung, SK hynix kapena Micron, ndipo amatha kusintha kogula osasintha dzina la katunduyo. Choncho paketi ya chaka chatha ndi ya mwezi watha zikhoza kufanana kunja ngati mapasa pomwe mkati muli za amayi osiyana. Tsegulani pulogalamu yaulere ya CPU-Z, pitani pomwe palembedwa SPD, muone mpata uliwonse wa RAM paokha. Nthawi zambiri imakuuzani amene anapanga matchipiwo.

Ngakhale mutapeza kuti onse ndi amodzi, nkhani siinathe. Chimene chimalamulira RAM chili mkati mwa purosesa, ndipo pa DDR5 chimalemedwa kwambiri mipata yonse inayi ikadzaza. A AMD eni ake, pa ma Ryzen 7000, amalonjeza DDR5-5200 ngati mwaika awiri, koma DDR5-3600 yokha ngati mwaika anayi. 6000 yanu ija ndi liwiro lowonjezera lomwe limabwera mukayatsa EXPO mu BIOS, mnzake wa XMP ya Intel. Ndi awiri, 6000 imatheka pa makompyuta ambiri. Ndi anayi, pamafunika mwayi.

Tsopano za voteji, poti apa ndi pomwe anthu amawotcha ndalama zawo. DDR5 mwachibadwa imayenda pa 1.1V. Mapaketi ambiri a 6000, EXPO ikayatsidwa, amafuna pakati pa 1.25V ndi 1.4V, ndipo nambala yeniyeni ya anuwo yalembedwa pa kapepala komatidwa pa RAM pomwepo. Imeneyo ndiye mupite nayo. Amene amapyola pamenepo ndi anyamata ampikisano omwe amaika fani yoloza pa RAM ndipo sadandaula chinthu chikafa. Inu muli ndi ukwati wa anthu mu kompyutamo.

Choopsa kwambiri n'chakuti mu BIOS muli ma voteji angapo, ndipo mnzanuyo sananene kuti 1.5V ipite pati. Pali ina yotchedwa SoC, yomwe imadyetsa mbali ya purosesa yolamulira RAM ija. M'chaka cha 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000, makamaka a X3D, anapsa mpaka kutupa kunsi n'kuwononga ndi bodi yomwe chifukwa voteji imeneyi inkakwera mopyola muyeso. AMD inatulutsa BIOS yatsopano yoika malire pa 1.3V. Ngati bodi yanu ikadali ndi BIOS yakale, yambani mwasintha imeneyo musanachite china chilichonse. Koma chonde, musasinthe BIOS popanda UPS, batire yosunga kompyuta ili chiyakire magetsi akathima. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, bodi ikhoza kusadzukanso, ndipo kwathu kuno kuthima kwa magetsi si nthano.

Ndikanakhala ine, ndikanachotsa awiri atsopanowo, akalewo n'kuwabwezera mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa, omwe pa bodi amalembedwa A2 ndi B2. Ndikanafufuta zonse zomwe zinasinthidwa mu BIOS, n'kuyesa ndi MemTest86, pulogalamu yofufuza zolakwika mu RAM, usiku wonse. Kenaka atsopanowo okha, chimodzimodzi, kuti ndidziwe ngati pali lakufa. Onse akapambana, ikani anayi, EXPO ikhale yozimitsa, muone ngati kompyuta yakhazikika. Ikatero kwezani liwiro pang'onopang'ono, 4400, 4800, 5200, mukuyesa pa sitepe iliyonse. Kuchedwa kuyaka kuja musachite nako mantha; bodi imakhala ikuyesa kugwirizanitsa ma RAM, ndipo ulendo woyamba imatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili bii.

Kwa munthu wokonza mavidiyo, 64GB yoyenda pa 4800 koma yosagwa ndi yabwino kuposa 6000 yokuzimirani mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Koma njira yoyera ndi kugulitsa onse anayi n'kugula paketi imodzi ya ma 32GB awiri, yomwe ili pa QVL, mndandanda wa ma RAM oyesedwa kale ndi bodiyo, patsamba la kampani ya bodi yanu. Achimwene anu sangakwiye mukawalongosolera bwino.

Nanga madziwo? Choziziritsira chamadzi chimakhala pa purosesa, osati pa RAM. Ndiponso chimachotsa kamphepo komwe fani wamba amaponyera pa ma RAM, moti amatha kumatentha kuposa kale. Ryzen 5 7600 ndi ya 65W basi; fani wabwino wa nsanja akukwanirani ngakhale mu Okutobala. Kutentha ndi voteji ndi adani awiri osiyana: purosesa yozizira bwino ikhoza kufa ndithu ndi voteji yopyola.

FUNSO: Ndinagula kwa munthu kompyuta yamasewera yokhala ndi mapaipi ndi kathanki. Madzi achepa ndipo ayamba kuoneka obiriwira. Ndithiremo a pampopi?
Mtsikana wa ku koleji, Mzuzu

YANKHO: Ayi achemwali, a pampopi kapena a pamjigo ali ndi mchere womwe umatseka timipata ting'onoting'ono ta chitsulo chokhala pa purosesa. Kubiriwirako ndi ndere, kapena dzimbiri la kopa. Kuthira ena pamwamba sikuthandiza. Khutulani onse, tsukani, ndipo mufufuze ngati mwini wakaleyo sanasakanize rediyeta ya aluminiyamu ndi zitsulo za kopa, chifukwa ziwirizi zikakumana m'madzi amodzi aluminiyamu amadyeka mpaka kuboola.

Thirani madzi opangidwira makompyuta, kapena a distilled (ochotsedwa mchere wonse) osakaniza ndi mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri. Mukapita kogulitsa za galimoto samalani: madzi a batire omwe mukufuna ndi oyera aja, osati a asidi. Mukadzaza, yatsani pampu yokha, bodi isanalandire magetsi, muyale timapepala tofewa pansi pa polumikizira paliponse, ndipo musiye choncho tsiku lathunthu. Pakapanda kunyowa paliponse, ndiye yatsani zonse. Madzi amenewa muzisintha kamodzi pachaka, ndipo nyengo ya fumbi ino rediyeta muziipemerera mwezi ndi mwezi, kompyuta itazima ndi kuzulidwa kukhoma.