Choyezera Chikuti Fosifeti Palibe, Nanga Ndere Zikudya Chiyani?

FUNSO: Ndimagwira ntchito panyumba ina ku Durban, ndipo ndimasamaliranso thanki la malita 300 la nsomba za m'madzi amchere, momwe mulinso makorali, tamoyo ta m'nyanja tomata pamiyala tooneka ngati zomera. Kwa miyezi iwiri tsopano, ndere zobiriwira zonga tsitsi zakuta miyala yonse, koma ndikayeza fosifeti, yomwe ndi chakudya cha ndere, ndi mankhwala odonthetsa aja, madzi a m'kabotolo sasintha mtundu n'komwe. Kodi choyezerachi chinatha mphamvu? Bambo wa ku Durban.

YANKHO: Bambo, choyezera chanu chikhoza kukhala chabwinobwino, chifukwa chimangoona fosifeti imene yasungunuka m'madzi panthawi imene mwatungayo. Ndere zikachuluka chonchi, zimayamwa fosifeti ikangotuluka m'zakudya zotsala ndi m'ndowe za nsomba, mwakuti m'madzi simutsala yoti n'kuyeza. Ina imakanirira pamiyala ndi pamchenga, popeza zimenezi n'zalaimu, ndipo imatuluka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri ngakhale mutasintha madzi. Ndere zimene zikukula mosangalala choterozo ndiwo umboni woti fosifeti ilipo.

Dziwaninso kuti fosifeti ikakhala yochepa, mtundu wabuluu umene mankhwalawo amatulutsa umakhala wosaoneka bwino ndi maso. Kachipangizo koyeza ndi kuwala, monga Hanna Checker, kamathandiza kwambiri, bola muzipukuta kabotolo ndi nsalu yofewa musanakalowetse, chifukwa chidindo cha chala chimodzi kapena kathovu kakang'ono zimasokoneza nambala. Mtundu wina wa kachipangizoka umawerenga fosiforasi, yomwe ndi mbali imodzi ya fosifeti, mu ppb (magawo pa biliyoni imodzi), ndipo nambalayo muyenera kuichulukitsa ndi 3.066 kenako n'kugawa ndi 1,000, kotero kuti 20 ppb ndi pafupifupi 0.06 ppm (magawo pa miliyoni imodzi) ya fosifeti. Muziyeza kamodzi pamlungu, nthawi yofanana, musanadyetse nsomba, ndipo muzilemba m'kabuku.

Osamalira makorali ambiri amasunga fosifeti pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Chonde musalimbane ndi kuifikitsa paziro, chifukwa makorali nawonso amaifuna, ndipo ikatheratu amayamba kutuwa, kenako m'thankimo mungabuke ma dinoflagellate, tamoyo ting'onoting'ono tokuta miyala ndi mchenga, omwe ndi ovuta kuthana nawo kuposa ndere zanuzo.

Yambani ndi manja. Zulani nderezo n'kuzitulutsa kunja, chifukwa zikafera momwemo zimabwezera m'madzi fosifeti yonse imene zinayamwa, ndipo musadabwe nambala ikakwera mutazizula, popeza pamenepo m'pamene choyezera chayamba kuona zenizeni. Madzi osungunulira mchere ndi owonjezera akhale osefedwa ndi makina a RO/DI, omwe amachotsa zinthu zosungunuka m'madzi, osati apampopi. Zakudya zoumitsidwa m'firiji muzizisungunula m'kasefa n'kutaya madzi ake, ndipo muzipereka zimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri. Magetsi a pathanki asapitirire maola 8 patsiku mpaka zinthu zitasintha.

Nambala ikapitirirabe 0.1 ppm, ikani GFO, yomwe ndi timibulu tofiirira tachitsulo togwira fosifeti, koma muyambe ndi theka la mlingo wolembedwa papaketi, chifukwa kuitsitsa mwadzidzidzi kumadwalitsa makorali. Ntchito imene mbuna zimagwira m'nyanja ya Malawi, yopala ndere pamiyala, m'thanki lamcherelo ipatseni nkhono za mtundu wa Trochus, podziwa kuti zimadya bwino ndere zazifupi zimene zatsala mukazula. Eni thankilo muwauziretu kuti miyala imatenga milungu ingapo, nthawi zina miyezi, kuti iyere.