Mkazi wanga wa ku Lusaka ndi gumbagumba yake

Halo... yayamba kodi? Eya, yayamba. Mkazi wanga wa ku Lusaka, waswera bwanji? Alamu anga asakwiye, ndi chisuweni chabe, ine ndinayamba kukufunsira usanamere mano.

Uthenga wako ndauona. Dikira ndiuwerenge, popeza ena pagulu lathu la abale la pa foni pano sawerenga, amangodikira zithunzi za maliro ndi maukwati. Wati: "Asuweni, inu mumadziwa za mawaya. Ndasunga K30,000, ndikufuna turntable yapamwamba ndi masipika a m'nyumba. Ndalamayi ndiigawe bwanji?" Turntable! Ife kuno timati gumbagumba. Munthu akangowoloka mlatho wa Luangwa, ngakhale nsima imasintha dzina.

Manje, ndisanakuyankhe... ayi, ndiyankha, usayambe kulemba kale. Ukuwakumbukira amalume aakulu, atate ako aakulu a ku Luanshya? Aa, unali usanabadwe. Kapena unali kumsana... ayi, amene anali kumsana ndi mkulu wako. Chaka chimene anasiya ntchito ku migodi, ndalama yonse ya tsalani bwino anakagula wailesi yaikulu ya Supersonic, zija ankapanga ku Livingstone, ya matabwa onyezimira, miyendo inayi, pamwamba chivundikiro, mkati mozungulira mbale za nyimbo. Kutalika kwake ngati bokosi la maliro, ndikunena zoona. Anaikweza pa denga la basi kuchokera ku Lusaka, ataikulunga m'mabulangete awiri, ndipo basi ikaima, kaya pa Kacholola kaya pa Nyimba, iwo ankakwera pamwamba kukaigwiragwira ngati wodwala. Atatsika pa Katete anaitengera pa ngolo. Mudzi wonse unalondola ngolo ija, amayi nthungululu, agogo akuganiza kuti mwana wawo wabwera ndi makina osokera.

Kufika kunyumba, ailowetsa, aipukuta, atulutsa chingwe... ayang'ana khoma. Khoma la dothi. Ha! Magetsi ali kuti? Mbereko anagula, mwana kulibe. Amayi, mukumva, nenani ngati ndikunama. Chinthu chija chinakhala zaka ndi zaka chitafunditsidwa kansalu koluka, pamwamba pake Baibulo ndi botolo la mafuta odzola. Alendo akabwera ankachivundukula kuti aone, kenako n'kuchivundikiranso. Ife ana kuchikhudza kunali kufuna mkwapulo.

Koma amalume sanali munthu wogonja, nkhani ya ng'ombe ija mukuidziwa nonse. Anagulitsa mbuzi... ziwiri kapena zitatu, amayi adzandikonza... n'kugula kagumbagumba ka mabatire ku Down Shops kuno ku Chipata. Apo ndiye mudzi unaona zakuda. Loweruka lililonse pansi pa mtengo wa mango, iwo atavala buluku la mapazi otambalala, mbale za WITCH, za Paul Ngozi, ndi zina zopangidwa ku kampani ya Teal ku Ndola. Paja nthawi imeneyo a Kaunda anali atalamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zikhale za m'dziko muno, ndiye magulu oimba anaphuka ngati bowa. Mabatire akayamba kufooka, woimba ankachita ngati waledzera kachasu, mawu kukokeka, ovina nawonso kuchepetsa chiuno. Ntchito yanga inali kuyanika mabatire aja padzuwa, akuti apezenso mphamvu. Ukatswiri wanga wa mawaya unayambira pamenepo, useke usaseke.

Ndiye singano ikayamba kudumpha chifukwa cha mapazi a ovina, amalume ankatulutsa 10 ngwee, ija ya mutu wa a Kaunda, n'kuisanjika pamutu pa mkono wa singanoyo. Kudumpha kunkathadi. Koma tamvera, singano yabwino imafunika kutsamira pa mbale ndi magalamu awiri okha, kapena chapompo. Khobidi lija lokha ndi magalamu 5 ndi kanthu. Kunali kulima kumeneko, mkazi wanga. Ankalima mbale ndi pulawo. Ndipo tsiku lina mu Okutobala anaiwala mulu wonse panja, apita kumowa kwa anyakwawa, mthunzi wasuntha. Pobwera anapeza mbale zapindika ngati lichero. Analira munthu wamkulu. Analoza aliyense kuti wamulodza, mpaka azakhali ako a ku Chadiza sanalankhulane nawo mpaka pa ukwati uja wa mvula.

Atate ako ndiye anali wina. Phee, osalankhula, koma mbale zawo sankabwereketsa ngakhale kwa mkulu wawo yemwe. Ankaziimika chilili m'sutikesi yachitsulo, pakati pa mabulangete, kutali ndi dzuwa... Mm. Chabwino. Dikira pang'ono.

Iwe, uza bamboyo kuti TV yake mawa! Mawa, ndati!

Pepa, ndili pa shopu ku Kapata. Tinali pati? Eya, ndalama. Cholakwa cha anthu ambiri ndi cha amalume chomwecho, kuthira zonse pa chinthu chimodzi chooneka bwino. Ndikudziwa waona gumbagumba ya Technics SL-1200 pa YouTube, mtima wadumpha. Ndi makina abwino, sindikana, ya MK2 inatuluka mu 1979 ndipo zina mpaka lero zikuzungulirabe. Koma yatsopano, ukaika msonkho wa pa boda ndi wonyamula, dola ikuvinavina chonchi, yadya pafupifupi K30,000 yako yonse. Udzaimvera m'chiyani? Gumbagumba payokha siimba. Mawu ochokera ku singano ndi ochepetsetsa, amafuna ampulifaya yokhala ndi polowetsa polembedwa kuti phono, apo ayi kabokosi kapadera kokweza mawuwo. Ukailumikiza pena paliponse udzamva ngati udzudzu ukuimba m'botolo.

Ndikanakhala ine, K10,000 pa gumbagumba ndi singano yake, kaya Audio-Technica kaya Rega yogwirapo kale ntchito koma yosamalidwa. K9,000 masipika, chifukwa khutu limamva sipika, silimva dzina lolembedwa pa makina. Ndipo usagule zazikulu ngati za pa msonkhano wa chipani, chipinda chako ndinachiona, ukatambasula miyendo wagunda furiji. K6,000 ampulifaya. Yotsala K4,000... ayi, 10 ndi 9 ndi 6, ndi 25, yotsala K5,000, masamu anandithawa kalekale. Imeneyo usaione ngati chenji. Ugule choteteza magetsi, chifukwa zinthu zambiri zimene zadzaza shopu yanga zinapsa pamene magetsi ankabwerera, osati pamene ankazima. Ugulenso singano yachiwiri usungire, imatha ija, ukaimbitsa maola 500 mpaka 1,000 yafumbwa, ndipo kuno suipeza pa msika ngati tomato. Ndi kaburashi kochotsera fumbi.

China, mnzako uja wa ku America asakutumizire mwachisawawa. Kwawoko magetsi ndi 120 volts, 60 hertz. Kuno ndi 230, 50 hertz. Ukangoilowetsa pakhoma, utsi. Ngakhale uike thiransifoma, zina zoyendera lamba zimatsata kugunda kwa magetsi, ndiye m'malo mwa maulendo 33 pa mphindi idzazungulira mochedwa, ubwerere ku mabatire a amalume. Za ku UK kapena ku South Africa ndiye zimagwirizana ndi zathu.

Koma iwe... ine ndakuona ukukula. Iwe nyimbo umamvera pa foni, za kwaya, sipika yake yong'aluka, ndipo sunadandaulepo. Lero ukufuna yapamwamba kwambiri, ndipo uthenga walemba 2 koloko usiku, mwezi uno, kutatsala masabata atatu kuti tikaike mwala pa manda a atate ako. Ndipo sunafunse za mbale. Munthu wogula gumbagumba amayamba wafunsa kuti mbale azipeza kuti. Iwe sunafunse chifukwa ukudziwa kumene zili.

Ukufuna sutikesi ya atate ako. Ukuchita manyazi kupempha chifukwa cha zija zinalankhulidwa pogawa katundu, ndiye wazungulira njira yaitali, yodzera ku K30,000, kuti tione kuti uli ndi poziika polemekezeka. Palibe amene akukufunsa lisiti, mkazi wanga. Sutikesi ili pansi pa bedi la amayi, sinatsegulidwe, kiyi ali m'kachitini ka mabatani. Anthu aja amene amayendayenda kufuna mbale zakale za Zamrock, nyimbo za rock za kuno ku Zambia ngati za WITCH zija, kuti akagulitse kunja anafika pano kawiri, amayi anawathamangitsa ndi chipande. Anati za mwana wa mchimwene wanga. Amayi, ndanena tsopano, musandikalipire.

Ndiye usagule kanthu kaye. Ubwere, titsegule, tione zimene zapulumuka ku chiswe ndi nkhungu. Tizitsuke ndi madzi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto... madzi okhaokhatu, osati asidi, ndikukudziwa iwe. Ndili ndi gumbagumba yakale pano imene mwini wake sanabwerenso kudzaitenga, ndaika lamba watsopano, singano ili bwino, yopanda 10 ngwee. Timvere pamenepo poyamba. Ukamva, ndi pamene udzadziwe ngati ukufunadi kuwononga K30,000 kapena K12,000 yakwana, yotsalayo ikathandize pa simenti.

Wandimva? Sutikesi ndi yako. Sukufunika kugula Technics kuti uitenge, ngakhale ubwere ndi thumba la pulasitiki tidzakupatsa. Kungoti pobwerera usaiike pansi pa basi pafupi ndi injini, makilomita oposa 500 kutentha kumeneko ufika ndi malichero. Uigulire mpando wake, ikhale chilili pambali pako, ngati mmene amalume akanachitira akanakhala ndi nzeru za mng'ono wawo.

Mkulu wako akumva, wangokhala chete, ndikuona timizere tabuluu. Ngati ali ndi mawu anene pano lero, osati pa manda.

Basi, foni ikulira batire. Ubwere Lachisanu lisanafike tsiku la mwala kuti tikhale ndi usiku umodzi. Sutikesi ikukudikira. Ubwere ndi shuga wa amayi, ndi alamu anga ngati akufuna kudzaona mwamuna wako weniweni.